Injini yaikulu siyenda yokha

Pali mavidiyo ena amene amamaliza bandulo ya intaneti munthu osazindikira. Wina watenga galimoto yakale ya m'tchire, kaya Hilux, kaya Land Cruiser, kaya Land Rover, wazula injini imene inabwera nayo n'kuikamo chimphona cha masilinda 8. Akailiza, galaja yonse imanjenjemera. Kenako mumaiona ikukwera chitunda, fumbi lili koboo, anzake akuimba m'manja. Vidiyo imathera pomwepo, ndipo ambiri a ife timalumbira kuti tikadzangoyamba ntchito tidzapanga zomwezo.

Ine ndimaphunzira mbiri kuno ku Zomba, koma nkhani ya mainjini yandipeza kwathu ndipo ndili ndi mbali imene ndaima. Maganizo anga ndi akuti injini siyenda yokha. Mukaikulitsa mwatenga ngongole, ndipo obweza ake ndi zitsulo zina zonse za galimotoyo limodzi ndi thumba la mwini wake. Munthu asanagwire sipanala ayenera kudziwa kuti ngongoleyo idzagwera ndani.

Amalume anga ali ndi Hilux ya dizilo ya m'zaka za m'ma 1990, yokoka ndi mawilo onse anayi. Injini yake ndi ija amakaniko amati 3L, ya malita 2.8. Amakhala m'mapiri a ku Dedza, kutali ndithu ndi msewu wa tara. Galimoto imeneyi ndi imene imatsitsa matumba a kachewere kupita nawo kumsika, imakweza feteleza mvula isanagwe, ndipo mayi wapakati akadwala usiku anthu amakagogoda kwa amalume. Yanyamulapo maliro, yanyamulapo akwati. Fizi yanga ya chaka choyamba inatuluka kumbuyo kwa galimoto imeneyi. Pano injini yatopa, monga chimatopera chilichonse chimene chagwira ntchito zaka pafupifupi 30. Ikufuka utsi, ikumwa oilo, ndipo m'mawa wozizira wa mu June imafuna anyamata oikankha.

Msuweni wanga, mwana wawo woyamba, amagwira ntchito ku Johannesburg. Iye wati bambo ake asavutike, atumiza injini ya Lexus ya V8. Maganizo amenewa sanawatole m'malere. Ku South Africa kuika injini imeneyi mu Hilux, mu Land Cruiser, ngakhale mu Land Rover, ndi ntchito yodziwika, ndipo kuli magalaja amene amadya pomwepo. Dzina lake lenileni ndi 1UZ-FE. Inatuluka mu 1989 m'galimoto yapamwamba ya Lexus LS400, ndi ya petulo, ya malita 4.0, ndipo zoyambirirazo zinkatulutsa mphamvu za mahatchi pafupifupi 250. Injini ya amalume ili yatsopano inkatulutsa mahatchi pafupifupi 90. Zambiri mwa injini za V8 zimenezi zimachokera ku Japan, zozulidwa m'magalimoto amene eni ake anawasiya akadali ndi moyo.

Tisamunamizire msuweni wangayo, mfundo ali nazo. Injini imene akunenayi ili ndi mbiri yolimba, ndipo poti ndi ya aluminiyamu silemera monga mmene kukula kwake kungakuganizitsireni. Komanso aliyense amene anakwerapo Hilux yodzaza matumba pa chitunda amadziwa manyazi ake: mumakwera ndi giya yoyamba, njinga yamoto ya kabaza n'kukupitirirani wokwerapo akukubayibitsani. Ku Dedza vutoli limakula chifukwa cha mtunda. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi magawo 3 pa 100 alionse a mphamvu zake pa mamita 300 alionse amene yakwera, popeza mpweya kumwamba ndi wopepuka. Boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere. Ndiye kuti mahatchi 90 aja akafika kwathu satsala ndi 80 omwe. Munthu wofuna kuwonjezera mphamvu kumeneko sakulota.

Chinanso, ine sindili m'gulu la anthu amene amati galimoto izikhala mmene inatulukira ku fakitale. Amenewo ndi maganizo a anthu osunga magalimoto akale ngati zokongoletsa. Kwathu kuno kusintha injini n'kumene kumatalikitsa moyo wa galimoto, ndipo amakaniko a ku Biwi ndi ku Ndirande amachita zinthu zimene amene anajambula galimotozo sanaziganizepo. Luso limenelo ndimalilemekeza. Pamene ndasiyana ndi msuweni wanga ndi pa kukula kwa injiniyo ndi pa ntchito imene galimotoyi imagwira.

Popeza ndine wa mbiri, ndiyambire kumeneko. Jeep imene asilikali a America anayenda nayo m'matope a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali ndi mahatchi 60 basi. Land Rover yoyamba, ya mu 1948, inali ndi injini ya malita 1.6 ndi mahatchi pafupifupi 50. Magalimoto amenewa ndi amene anapereka dzina ku mtundu wonse wa 4x4, ndipo ankafika kumene kunalibe msewu ndi mphamvu zochepa kuposa za kagalimoto kakang'ono ka m'tauni ka masiku ano. Chinsinsi chawo chinali magiya otsika, kupepuka, ndi kutalika kwa mimba kuchokera pansi.

Pamene kampani ya Land Rover inafuna kuika V8 m'galimoto yake yantchito mu 1979, inatenga injini ya malita 3.5 ya mu Range Rover, imene inkatulutsa mahatchi oposa 130. Taonani zimene anachita. Anaifooketsa dala mpaka mahatchi 91. Anatenganso giyabokosi ya Range Rover yomweyo m'malo mwa yakale ija, n'kusunthira kutsogolo nkhope ya galimoto kuti zonse zikwane. Anthu amene anapanga galimotoyo ndi manja awo anaona kuti thupi lakalelo silingalandire mphamvu zonsezo.

Toyota nayo inadutsa momwemo. Land Cruiser ya mtundu wa 70, ija timaiona ili ambulansi kapena galimoto ya mabungwe m'maboma onse, kwa zaka zambiri yayendera injini ya 1HZ, ya dizilo, ya malita 4.2, yopanda turbo, ya mahatchi pafupifupi 130. Mu 2007 anatulutsa ina ya V8 ya dizilo ya malita 4.5. Kuti injiniyo ilowe anakulitsa kutsogolo kwa galimoto, moti mawilo akutsogolo anatalikirana kuposa akumbuyo ndi masentimita pafupifupi 10. Mumchenga ndi m'matope, mawilo akumbuyo sapondanso ndendende m'mapazi a akutsogolo, ndipo ku Australia kuli makampani amene ntchito yawo ndi kukonza zimenezi pa ndalama za mwini galimoto. Ngati kampani yokhala ndi mainjiniya ambirimbiri inalipira chonchi pokulitsa injini, nanga galaja ya pansi pa mtengo wa mango idzalipira zingati?

Tsono tibwere ku Hilux ya amalume. Kuti V8 ya petulo ikhale pamene panali 3L ya dizilo, pamafunika miyendo yatsopano yoikhazikapo, yowotcherera pa chasisi. Pamafunika chitsulo cholumikiza injiniyo ku giyabokosi, poti mabowo a mabawuti sagwirizana. Kilatchi iyenera kusintha. Beseni la oilo la pansi pa injini liyenera kupatukira difu yakutsogolo, apo ayi zidzagundana pa bampu yoyamba. Ekizozi ndi yatsopano mbali zonse ziwiri. Thanki ya mafuta iyenera kutsukidwa n'kuikamo pampu ya petulo yokankha mwamphamvu. Radiyeta yakale singakwanitse, chifukwa gawo lalikulu la mafuta amene injini imawotcha limasanduka kutentha, ndipo injini yowotcha ambiri imatenthanso kwambiri, makamaka ikamakwawa pang'onopang'ono pa chitunda mphepo isakulowa kutsogolo. Pamwamba pa zonsezi pali kompyuta ya injiniyo ndi mtolo wa mawaya ake. Mphatso ya msuweni wanga ikadzatsika pa lole, ntchito idzakhala isanayambe n'komwe.

Tinene kuti zonsezo zatheka, galimoto yalira. Mphamvu imene imathyola zitsulo ndi ija amakaniko amati torque, mphamvu yopota. Ya 3L sifika 200 Nm, pamene ya V8 ija ndi pafupifupi 350 Nm. Mphamvu imeneyi sifika ku mawilo mmene yatulukiramo. Giya yoyamba imaichulukitsa pafupifupi kanayi, giya yotsika ya 4x4 imachulukitsanso kupitirira kawiri, difu n'kuchulukitsanso kupitirira kanayi. Mukawerengera mupeza kuti yachuluka kuposa ka 30. Choncho 150 Nm yowonjezera pa injini ikhoza kukhala yoposa 4,500 Nm yowonjezera pa mashafuti opita ku mawilo, amene anawapangira injini yaing'ono ija. Tsiku loopsa ndi lija tayala likuzungulira m'matope, dalaivala waponda moto, kenako tayalalo n'kugwira mwala mwadzidzidzi. Mphamvu yonseyo imafunafuna pofooka. Ikapanda kupeza pa kilatchi ipeza pa mano a giyabokosi, ikapanda apo ipeza pa shafuti kapena pa CV. Mukalimbitsa chimodzi, imasamukira pa chotsatira. N'chifukwa chake amene amachita ntchitoyi mokwanira amamaliza atasintha theka la galimoto.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti m'matope enieniwo, amene ndi mdani wamkulu wa amalume kuyambira December mpaka March, mahatchi owonjezerawo sathandiza kwenikweni. Galimoto imatitimira chifukwa matayala asowa pogwira. Difu wamba imagawa mphamvu mofanana ku mawilo awiri, ndipo wilo limodzi likayamba kuterereka, linzake limene lili pouma limalandira zochepa zomwezo. Mukawonjezera moto, wilo loterereka lija limangozungulira msanga n'kudzikumbira dzenje. Mankhwala a vuto limeneli ndi matayala a mano abwino, kuchepetsako mpweya m'matayala, loko wa difu, khasu, ndi dalaivala wodekha. Pa zonsezi palibe chimene chimafuna masilinda 8.

Ndiye pali kutsika. Chitunda chilichonse chimene galimoto yakwera idzachitsikanso, ndipo amalume nthawi zina amatsetsereka pa Khwekhwerere kupita ku Golomoti atasenza katundu. Injini yamphamvu imanyengerera. Matumba amene kale ankakanika kukwera nawo tsopano akukwera, ndiye bwanji osawonjezera ena asanu? Liwiro limene kale silinkatheka tsopano likutheka. Koma mabuleki ndi omwe aja, masipuling'i ndi omwe aja. Paja ku sekondale anatiphunzitsa kuti liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imene mabuleki ayenera kuimeza imawirikiza kanayi. Kufooka kwa 3L, kumene timakuseka, kwakhala kukuletsa galimotoyi kuchita zimene mabuleki ake sangathe kuziletsa. Ndipo kumbuyo kwake sikukhala matumba okha. Kumakhala azimayi opita kumsika, ana asukulu opempha lifiti, ndi odwala atagona pa matiresi.

Mfundo imene imandilemera kwambiri ndi ya makaniko. Pa msika wa pafupi ndi kwa amalume pali bambo wina amene wakhala akukonza galimotoyi kuyambira ndili ku pulayimale. Injini ya 3L amaidziwa ngati khasu lake. Pampu yake ya dizilo ndi ya zitsulo zokhazokha, imangofuna waya mmodzi wamoto kuti mafuta atseguke. Ikavuta, bamboyo amamvetsera kulira kwake, amayang'ana mtundu wa utsi, n'kudziwa poyambira. Injini ya V8 ija imalamulidwa ndi kompyuta imene imadalira masensa. Sensa imodzi ikafa kapena waya akanyowa powoloka mtsinje, galimoto ikhoza kuima zii, ndipo wodziwa kuilondola ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Galimoto yosinthidwa ilinso ndi vuto lake lapadera: ilibe buku. Amene amadziwa kuti waya uyu anamulumikiza kuti, chitsulo ichi anachidula pa galimoto yanji, ndi munthu mmodzi yekha amene anagwira ntchitoyo. Akasamuka, nzeru zonse zapita naye. Mukakafuna sipeya m'sitolo, wogulitsa amafunsa kuti ndi ya galimoto yanji, inu n'kusowa choyankha.

Za mafuta sindichita kukuuzani, mizere ya pa mafilingi siteshoni tonse taiona. Injini ya petulo ya malita 4.0 imamwa kwambiri kuposa ya dizilo ya malita 2.8, ndipo ikamakoka katundu m'magiya otsika ndiye imachita kugugudiza. Kumudzi petulo amapezeka m'mabotolo ogulitsira a kabaza. Tayerekezani kudyetsa V8 ndi mabotolo amenewo. Masipeya nawo amagulidwa kunja, pamene kwacha inagwa ndi magawo 25 pa 100 alionse mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 mu November 2023. Phindu la thumba la kachewere ndi lochepa kale. Mtengo wa ulendo ukakwera, amalume adzakweza mtengo wonyamulira, ndipo adzaumve ndi alimi anzawo ndi banja la wodwala uja. Walira mvula walira matope, koma apa matopewo adzaponda ndi anthu amene sanalire nawo mvula.

Palinso mapepala. Nambala ya injini imalembedwa mu blue book, choncho injini ikasintha a Road Traffic ayenera kudziwa, ndipo a inshuwalansi nawonso ayenera kuuzidwa. Ambiri amazengereza pamenepa mpaka tsiku la ngozi, pamene zimadziwika kuti galimoto ya pa pepala ndi ina, ya pa msewu ndi ina. Injini yochokera kunja imafunanso mapepala ake a msonkho osonyeza kumene yachokera. Zonsezi ndi maulendo a kutauni ndi ndalama zimene palibe amaziwerengera poyamba.

Pa holide yapitayi amalume anandifunsa tili pakhonde. "Iwe mphwanga, paja uli ku sukulu yaukachenjede. Mbale wakoyu akuti atumiza chinjini cha ku Joni. Ukuti bwanji?" Ndinawayankha kuti injini yaikulu ndikuivomereza, koma ikule pang'ono. M'banja lomwelo la 3L muli ina yotchedwa 5L, ya malita 3.0. Ndi yaikulu ndi kagawo kochepa chabe, mahatchi owonjezera ndi owerengeka, koma imakhala pa miyendo yomweyo, imagwirana ndi giyabokosi yomweyo, imamwa dizilo yemweyo, ndipo makaniko wawo uja akaitsegula sadzaona chachilendo. Chofunika kusamala n'chakuti pali 5L ya pampu wamba ndi 5L-E ya pampu yoyendera kompyuta, ndipo ya kumudzi ndi yoyambayo. Ndalama zotsala zigule matayala anayi abwino, zikonze mabuleki onse, radiyeta itsukidwe kapena isinthidwe, ndi masipuling'i akumbuyo awaonenso. Njira ina yotchipa kuposa pamenepa ndi kungoimanganso 3L yomweyo, kuika mapisitoni, maring'i ndi mabering'i atsopano. Amalume anangoti, "Wayankhula ngati munthu woti anakankhapo galimoto." Ndinaikankhapodi, kangapo konse.

Msuweni wanga sanakondwe. Pa foni anandiseka monga amachitira asuweni: "Asuweni, inu zanu ndi za John Chilembwe, za magalimoto tisiyireni ife." Ndinaseka nawo, koma ndikumvetsa chimene chikumupweteka. Munthu amene wakhala zaka kunja, akugona m'kachipinda kopanikiza, akupirira zimene anthu athu amapirira kumeneko, amafuna kutumiza kwawo chinthu chooneka, chomveka. V8 ikalira pa msika mudzi wonse udzadziwa kuti mwana wa uje ali ku Joni ndipo sanaiwale kwawo. Mabuleki atsopano salira. Palibe amene adzaime pa msewu kuyamikira radiyeta.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife amene tili pa sukulu ndi amene mwangomaliza kumene. Posachedwapa ndife amene tizidzatumiza zinthu kumudzi, ndipo mtima wofuna kutumiza chachikulu tili nawo tonse. Pali mphatso zina zimene zimadya. Wopereka amalipira kamodzi n'kulandira ulemu, wolandira n'kumalipira mwezi ndi mwezi mwakachetechete, osatha kudandaula poopa kuoneka wosayamika. Amalume sangamuuze mwana wawo kuti chinjini chako chandisaukitsa. Adzangoyamba kuiimika galimotoyo masiku ambiri, kukana maulendo ausiku poti mafuta palibe, mpaka tsiku lina idzapezeka itakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pansi pake.

Sindikunena kuti V8 mu Hilux ndi uchitsiru paliponse. Munthu wa ku Pretoria amene ali ndi galimoto ina yopitira ku ntchito, amene 4x4 yake ndi yokasewera nayo Loweruka pa milu ya mchenga, amene ikathyoka amaitana lole yodzaikoka n'kuiiwala mpaka mwezi wamawa, aike zimene akufuna. Pa mchenga wofewa ndi pa mpikisano mahatchi ambiri amagwiradi ntchito. Iyeyo ngongole ija amaibweza yekha, ndipo amaibweza akusangalala. Galimoto ya amalume ikagona sabata imodzi nthawi yokumba kachewere, katundu amaola ndipo mavenda amagula kwa ena.

Banja lagwirizana kuti nkhaniyi idzathe akakolola. Pakadali pano ndamulembera msuweni wanga mndandanda wa zonse zimene V8 ingafune isanayende ndi kilomita imodzi yomwe, ndipo pambali pake ndalemba za 5L, matayala ndi mabuleki. Ndamupempha kuti afunse mitengo ya mbali zonse ziwiri kwa amakaniko a komweko, amene amaziika injini zimenezi tsiku ndi tsiku, ndiponso awafunse funso limodzi: galimotoyo ikadzaima usiku pakati pa mapiri a Dedza, mvula ikugwa, kumbuyo kuli wodwala, adzaidzutse ndani? Papita masiku anayi asanayankhe. Dzulo wanditumizira uthenga wofunsa saizi ya matayala.